Kadontho ka maso kakamagwera pambali pa batani: kukonza eye tracking poyesa ma app a pafoni

Munthu wadina batani lolipirira aliyense akuona, koma pa vidiyo kadontho kosonyeza pamene maso ake anali kakuoneka pamwamba pa batanilo, pa mzere wina. Wina akangoweramira foni kadontho kamasowa masekondi atatu, n'kudzatulukira m'mphepete mwa sikirini. Amene amayesa ma app ndi makina otsata maso amakumana nazo zimenezi kawirikawiri, ndipo zikapanda kugwidwa msanga zimakalowa mu lipoti. Opanga app amasuntha batani lopanda mlandu, vuto lenileni n'kutsala pomwepo.

Foni imavuta kuposa kompyuta chifukwa cha kuchepa kwa sikirini. Makina ambiri otsata maso amawalitsa diso ndi kuwala kwa infrared, kumene munthu sakuona, kenako kamera imayeza pamene pali mwana wa diso poyerekeza ndi kakunyezimira kamene kuwalako kamapanga pa cornea, kagalasi koonekera ka kutsogolo kwa diso. Muyezo umenewo ndi umene pulogalamu imasandutsa malo a pasikirini. Opanga makina amalemba kuti amaphonya ndi theka la digiri (muyezo wa kutembenuka kwa diso) kapena kuzungulira pamenepo, koma amayeza munthu atakhala phee pamalo okonzedwa bwino. Kwa munthu amene akusuntha mutu ndi kutembenuza foni, yembekezerani digiri imodzi.

Digiri imodzi imamveka yochepa mpaka mutaiwerengera. Foni ikakhala pa masentimita 35 kuchokera m'maso, digiri imodzi ndi mamilimita 6 pa sikirini. Pa masentimita 60 ndi sentimita yathunthu. Malo odinapo aang'ono kwambiri amene Google imalangiza pa Android ndi 48 dp mbali zonse, Apple imati mapointi 44, ndipo pa foni yeniyeni zimenezi zimakhala pakati pa mamilimita 7 ndi 9. Mzere umodzi wa mawu sufika mamilimita 5. Sikirini ya mainchesi 6.1 m'lifupi mwake ndi pafupifupi masentimita 6.5 okha. Ndiye kuti makina abwinobwino akhoza kuphonya ndi mzere wathunthu wa mawu popanda chilichonse cholakwika, ndipo kavuto kena kakawonjezerapo, kadontho kamalumphira pa batani lina.

Yezani kaye kuphonyako

Calibration ndi pamene munthu amayang'ana malo odziwika kuti makina aphunzire maso ake. Ikanena kuti yatheka, ikungotanthauza kuti pulogalamu yapeza masamu ogwirizana ndi zimene yaona pa nthawiyo. Sizikutsimikizira kuti pa foni, mmene munthu waigwirira, kadontho kagwera pamalo pake. Muyenera kuyesa nokha.

Konzani chithunzi chodzaza sikirini yonse ya foni imene mukuyesera, chokhala ndi timadontho 9, mizere itatu ya timadontho titatu, kalikonse ndi nambala yake. Kuwala kwa chithunzicho kufanane ndi kwa app. Wotenga mbali agwire foni mmene adzaigwirire poyesa, ayang'ane kadontho kalikonse masekondi awiri inu mukutchula nambala. Iyeyo asalankhule, chifukwa masaya ndi mphuno zikamayenda magalasi otsata maso, ngati wavala, amagwedezeka. Chitani zimenezi poyamba, pakati pa ntchito ina ndi inzake, komanso pomaliza. Zimatenga theka la mphindi, ndipo popanda zimenezi simudzadziwa kuti zinthu zinasokonekera pa mphindi iti.

Mmene kuphonyako kwakhalira ndi kumene kumakuuzani kokafufuza. Timadontho tonse 9 tikasunthira mbali imodzi mofanana, nkhani ndi ya magalasi kuseleleka kapena mtunda. Tapamwamba tikakhala bwino koma tapansi tikuphonya kapena kusowa, ganizirani zikope ndi kuwerama. Pakati pakakhala bwino koma kuphonya kukukula cha m'mphepete, miyezo ya sikirini imene munalowetsa mu pulogalamu ndi yolakwika. Kadontho kakamanjenjemera kuzungulira malo olondola, kamera sikuona diso bwinobwino. Kakamafika pamalo olondola koma mochedwa, vuto ndi la nthawi ndipo calibration ilibe nalo gawo. Kuphonya ndi kunjenjemera musakusokoneze: kuphonya kofanana ponseponse kumatheka kukonza ngakhale mutajambula kale, pamene kunjenjemera kumangofunika kujambulanso.

Timadontho tonse tasunthira mbali imodzi

Ngati mukugwiritsa ntchito magalasi otsata maso, yambirani pa mphuno. Magalasi amatsika pang'onopang'ono munthu akawerama, akatuluka thukuta, akaseka kapena akadzikanda, ndipo kutsika kwa mamilimita ochepa kumasuntha kadontho pa sikirini yonse. Magalasi amakono amalimbana nako bwino kuposa akale, komabe musangodalira zimenezo. Sankhani kachotsamira ka pamphuno kokwana munthuyo, mangani lamba wakumbuyo, ndipo mulole avale mphindi ziwiri kapena zitatu musanachite calibration. Anthu ambiri amakonzakonza magalasi m'mphindi zoyambirira, choncho calibration yochitidwa atangovala kumene imawonongeka ntchito isanayambe. Akawagwira pakati pa ntchito, lembani nthawi, malizitsani ntchitoyo, kenako onetsaninso timadontho 9 tija.

Chachiwiri ndi mtunda, ndipo ichi chimapusitsa ambiri. Kamera imene imajambula zimene munthu akuona ili pamwamba pa mphuno kapena pamphumi, osati m'diso. Diso ndi kamera zimaona chinthu chimodzi kuchokera malo osiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumakula chinthu chikayandikira. Amakutcha parallax. Tiyerekeze kuti kamera ili masentimita 2 pamwamba pa diso, calibration yachitidwa ndi khadi limene lili pa mita imodzi, koma foni ikugwiridwa pa masentimita 35. Pa mita imodzi kusiyanako ndi digiri 1.1, pa masentimita 35 ndi madigiri 3.3. Makina akapanda kukonza okha, patsala madigiri oposa 2, amene pa foni ndi pafupifupi masentimita 1.3. Magalasi amene amatsata maso onse awiri amachepetsa zimenezi poona mmene maso akukumanirana, koma diso limodzi likatayika, parallax imabwerera. Ngati makina anu amalola, chitani calibration pa mtunda womwewo umene foni idzakhale. Ngati amafuna khadi ligwiridwe patali, tsatirani lamulo lawo, kenako yesani pa foni ndi kulemba kuphonya kumene kwatsala kuti mudzakuchotse posanthula.

Pa makina oikidwa pa sitandi, pamene foni imamangidwa ndipo kachipangizo kotsata maso kamakhala pansi pake, nkhani imakhala ya miyezo. Pulogalamu imafuna kudziwa kutalika ndi kufupika kwa sikirini, mtunda wochokera pa kachipangizoko, ndi kupendekeka kwake. Yezani mbali yowala yokha ya sikirini, osati foni yonse ndi chikwama chake. Foni ikasinthidwa, ikatembenuzidwa kuti igone chopingasa, kapena wina akaimasula kuti aitchaje n'kuibwezeretsa, miyezo yonse iyenera kulowetsedwanso. Matani katepi m'ngodya zinayi kuti foni izibwerera pamalo amodzi, ndipo chingwe chotchajira chikhale cholumikizidwa kuyambira poyamba. Dziwaninso mtengo wa njira imeneyi: makina oterewa amafuna maso akhale chapatali, kawirikawiri cha m'ma masentimita 60, choncho m'lifupi mwa foni monse mumangokwana madigiri 6. Kadontho kamakhazikika, inde, koma simungasiyanitse zinthu zoposa zingapo pa mzere umodzi, ndipo munthu sagwira foni mmene amaigwirira masiku onse.

Kadontho kakusowa, makamaka cha pansi pa sikirini

Munthu amayang'ana foni chozolika. Maso akatsika, chikope cham'mwamba chimatsika nawo, ndipo nsidze zimaphimba mbali ya mwana wa diso. Kamera ikaona theka lokha, imalingalira pakati pake molakwika kapena kulephereratu. N'chifukwa chake mabatani a m'munsi ndi kiyibodi, kumene ma app ambiri amaikako zinthu zofunika, ndi kumene deta imasowa kwambiri. Heatmap, chithunzi chosonyeza ndi mitundu pamene maso anakhalitsa, imadzaoneka ngati anthu sanayang'aneko, pamene makina ndi amene sanawaone.

Kukonza kwake n'kukweza foni, osati kumuuza munthu kuti atsegule maso kwambiri. Adzatong'ola masekondi khumi n'kuiwala, ndipo calibration imene mwachita atatong'ola idzakhala yosagwirizana ndi diso lake lenileni. Mukhazikeni patebulo lokwererapo, zigongono zitsamire patebulo kapena pa pilo kuti foni ifike cha pachifuwa. Mpando ukhale wopanda matayala ndiponso wosazungulira. Sofa ndi mdani wa ntchitoyi, chifukwa munthu amamira pang'onopang'ono mpaka foni ili pamiyendo. Ndi magalasi pamabwera vuto linanso: munthu amatsitsa maso osatsitsa mutu, foni n'kutuluka pansi pa chithunzi cha kamera. Makina akuona diso, koma malo amene likuyang'ana sali pa vidiyo. Wotsogolera azionera vidiyoyo pa kompyuta nthawi yomweyo kuti agwire zimenezi zisanapite patali.

Pa sitandi, yang'anani dzanja. Kachipangizo kali pansi pa foni, ndipo mkono umene ukupita kukadina umadutsa pakati pa kamera ndi nkhope. Deta imaduka pa nthawi yeniyeni imene mukuifuna, pamene munthu akusankha batani. Muonetseni kuti dzanja lizichokera m'mbali, chigongono chili patebulo, ndipo wamanzere mumukonzere mbali yake.

Zina zili pa diso lenilenilo. Mascara ndi zodzola zakuda za m'zikope zimaoneka zakuda bii pa kamera ya infrared, ndipo pulogalamu imazisokoneza ndi mwana wa diso. Nenani poitana anthu kuti abwere osadzola, ndipo khalani ndi zopukutira. Mandala a magawo awiri kapena osintha mphamvu kuchokera pamwamba kutsika pansi amapotoza chithunzi cha diso mosiyanasiyana, ndipo gawo lowerengera lili pansi, pomwepo pamene munthu amaonera foni. Mandala okalika, akuda ndi zala, kapena a felemu yonyezimira amapanga timakunyezimira tabodza. Apukuteni, ndipo kuwapendeketsa pang'ono pamphuno nthawi zina kumachotsa kunyezimirako. Magalasi ena otsata maso amabwera ndi mandala awo olowetsa, choncho funsiranitu mphamvu ya mandala a munthu tsiku lisanafike. Musangochotsa onse ovala mandala pa kafukufuku, chifukwa achikulire ambiri amatha nawo limodzi, ndipo ndi iwo amene amavutika ndi zilembo zing'onozing'ono.

Makina ena amatha kuwalitsa diso m'njira ziwiri. Ina imachititsa mwana wa diso kuoneka wowala, ina wakuda. Njira yoyambayo siigwira mofanana pa anthu onse, ndipo pa maso akuda kwambiri njira yachiwiriyo, ya dark pupil, ndi imene kawirikawiri imakhazikika. Ngati makina akusankha okha koma akutaya diso la anthu ena mobwerezabwereza, onani ngati mungaumirize njirayo.

Dzuwa lili ndi infrared yambiri ndipo limamiza kuwala kwa makina. Mababu akale a kawaya ndi a halogen nawonso amaitulutsa. Tsekani makatani, gwiritsani ntchito nyali za LED, ndipo munthu asayang'anizane ndi windo. Foni nayonso ikhoza kukhala gwero: Face ID ya iPhone ndi masensa ena a kutsogolo amawalitsa infrared kunkhope. Pa foni yoyesera zimitsani kutsegula ndi nkhope komanso zonse zimene zimaona ngati munthu akuyang'ana sikirini.

Kuphethira kokha kumadya gawo laling'ono la deta, choncho musayembekezere 100 peresenti. Koma nambala imodzi ya gawo lonse imabisa zambiri. Munthu angakhale ndi 85 peresenti, pamene 15 yosowayo yonse ili pa tsamba lolembetsa dzina. Werengani kusowako pa tsamba lililonse palokha.

Sikirini ikada, kadontho kamasuntha

Ili limabisala chifukwa poyesa timadontho 9 zonse zimaoneka bwino. Mwana wa diso amakula ndi kuchepa malinga ndi kuwala, kuyambira mamilimita 2 mpaka 8, ndipo sakula mofanana mbali zonse. Pakati pake pamasuntha pang'ono, makina n'kuona ngati diso latembenuka. Kuphonya kwake kungafike digiri imodzi kapena kuposa. Mukachita calibration pa chithunzi choyera kenako n'kuyesa app ya dark mode, ya masamba akuda, mwadziputira nokha vutoli.

Zimitsani kusintha kuwala kochita kokha, ikani kuwala pa mlingo umodzi ndi kuulemba kuti anthu onse akhale ndi wofanana. Zimitsaninso zosintha mtundu wa sikirini madzulo. Chipinda chikhale chowala bwino, chifukwa kukakhala mdima sikirini yokha ndi imene imalamulira mwana wa diso, ndipo tsamba lililonse latsopano limamusintha. Ngati mukuyerekeza app yoyera ndi yakuda, chitani calibration iwiri, iliyonse pa kuwala kwake, ndipo mupatse maso mphindi imodzi kuti azolowere. Pa chifukwa chomwechi, musakhulupirire aliyense amene akuwerenga kukula kwa mwana wa diso ngati chizindikiro cha chidwi pa app imene masamba ake amasiyana kuwala.

Malo ndi olondola koma nthawi yalakwika

Deta ya maso, vidiyo ya kamera ndi kujambula kwa sikirini ya foni ndi mitsinje itatu, uliwonse ndi wotchi yake. Makina a 60 Hz amayeza diso pa mamilisekondi 17 alionse, vidiyo ya mafelemu 25 pa sekondi imasintha pa mamilisekondi 40, ndipo sikirini imene ikutumizidwa ku kompyuta imafika mochedwa, makamaka pa Wi-Fi. Diso limaima pa chinthu mamilisekondi 200 mpaka 300, kumene kumatchedwa fixation. Vidiyo ikachedwa ndi mamilisekondi 200 okha, fixation yathunthu imagwera pa tsamba lapitalo. Mudzaona munthu ngati akuyang'ana pamalo opanda kanthu, kenako uthenga n'kutulukira pomwepo, ngati analosera.

Gwiritsani ntchito chingwe ndi pulogalamu monga scrcpy pa Android kapena QuickTime pa iPhone. Kenako ikani chizindikiro chimene mitsinje yonse ione: sikirini ithwanime kuchokera kukuda kupita kuyera poyamba ndi pomaliza, ndipo mugwirizanitse mavidiyo pa felemu imeneyo. Chizindikiro chomalizacho musachidumphe, chifukwa mawotchi amasiyana pang'onopang'ono, ndipo mapulogalamu ambiri ojambula sikirini ya foni sasunga chiwerengero chofanana cha mafelemu pa sekondi. Vidiyo yoteroyo imagwirizana poyamba n'kumataya sitepe pofika pakati. Isandutseni kukhala ya mafelemu okhazikika musanailowetse mu pulogalamu yosanthulira.

Pali njira yachidule yotsimikizira zonse ziwiri, malo ndi nthawi. Pa Android yatsani Show taps mu Developer options kuti pamene chala chagunda pazioneka. Munthu amayang'ana batani asanalidine, ndipo kawirikawiri maso amachokapo chala chisanafike. Sankhani malo khumi amene anadina batani laling'ono, muone fixation imene inatsogola. Ikakhala pambali mofanana nthawi zonse, mwapeza kuphonya kwa malo. Ikamabwera chala chitagunda kale, mwapeza kuchedwa.

Tsamba likuyenda koma bokosi laima

Posanthula mumajambula mabokosi kuzungulira zinthu zimene mukufuna kuwerengera, otchedwa ma AOI. Pa foni pafupifupi chilichonse chimayenda: tsamba limakokedwa ndi chala, kiyibodi imatuluka n'kukankha fomu m'mwamba, zithunzi zimasinthana zokha, mutu wa tsamba umabisala n'kubwereranso. Bokosi limene lajambulidwa pa felemu imodzi limapitiriza kuwerenga malo omwewo chinthucho chitachoka kale. Mukaona kuti chinthu chosafunika chapeza nthawi yochuluka modabwitsa, onerani vidiyo bokosi likuoneka, ndipo nthawi zambiri mupeza kuti likuwerenga zimene zinadutsa pansi pake.

Gawani kujambulako malinga ndi mmene sikirini ilili, tsamba lopanda kiyibodi palokha, lokhala ndi kiyibodi palokha. Zinthu zokhazikika monga mabatani a m'munsi zikhale ndi mabokosi awo osayenda, zoyenda ndi tsamba zitsatidwe felemu ndi felemu, kapena app izilemba yokha pamene tsamba lafika pa nthawi iliyonse. Ndi magalasi, foni yeniyeniyo imayendanso m'chithunzi. Mapulogalamu ena amaizindikira poifananiza ndi chithunzi cha tsambalo, ena monga a kampani ya Pupil Labs amagwiritsa ntchito timabokosi takuda ndi toyera ta AprilTag tomatidwa kuzungulira sikirini. Zala zimaphimba timabokosito, choncho matani tochuluka pa kafelemu kolimba kotuluka kunja kwa foni, papepala losanyezimira. Kumbukiraninso kuti kamera yoona madigiri 95 m'lifupi pa mapikiselo 1920 imapatsa foni imene ili pa masentimita 35 mapikiselo pafupifupi 200 okha. Zilembo siziwerengeka pamenepo, ndipo sikirini ikawalitsa imangooneka yoyera mbee. N'chifukwa chake kujambula sikirini padera n'kofunika ngakhale muli ndi magalasi.

Kukula kwa bokosi kutsatire kuphonya kumene munayeza. Ngati ndi mamilimita 6, onjezani mamilimita 6 kuzungulira chinthucho. Mabokosi awiri akayamba kulowana, aphatikizeni n'kuvomereza kuti funso loti anayang'ana chithunzi kapena mawu a pansi pake silingayankhidwe ndi makina amenewa. Kuli bwino kusintha funso kusiyana n'kupereka nambala imene makina sangaikwanitse.

Onaninso sefa imene imasankha ma fixation. Yodziwika kwambiri, I-VT, imati diso laima ngati likuyenda mochepera madigiri 30 pa sekondi. Inakonzedwera munthu wokhala phee pa kompyuta. Pa foni mutu umayenda, diso n'kumatembenuka kuti lisachoke pa chinthucho, ndiponso tsamba likamakokedwa maso amatsatira mawu akuyenda. Sefa imaduladula kuyang'ana kumodzi kukhala tizidutswa kapena kukutaya kumene. Mu pulogalamu yosanthulira ya Tobii Pro Lab muli sefa ya Attention imene malire ake ndi madigiri 100 pa sekondi, yoyenera magalasi. Imene mwasankha ikhale imodzi kwa anthu onse, ndipo muilembe mu lipoti, chifukwa nambala za masefa awiriwa siziyerekezeka.

Mukamagwiritsa ntchito kamera ya foni yeniyeniyo

Njira yopanda makina apadera imakopa chifukwa anthu amayesa ali kwawo. Imadalira kamera ya selfie ndi kuwala wamba. Kafukufuku wa GazeCapture wa mu 2016 anapeza kuphonya kwa masentimita 1.71 pa foni popanda calibration, ndipo ofufuza a Google mu 2020 anafika pa masentimita 0.46 atachita calibration ya munthu aliyense payekha. Musaganize kuti pulogalamu iliyonse imene mwagula imafika pa nambala yachiwiriyo. Kuwala kochokera kumbuyo kwa mutu, foni yopendekeka, ndi kusintha kakhalidwe calibration itatha zimaiwononga msanga, ndipo palibe wotsogolera woti aone. Ikani timadontho toyesera m'kati mwa ntchitoyo, pemphani foni itsamire pa chinthu, ndipo gawani sikirini m'zigawo zikuluzikulu, pamwamba, pakati ndi pansi.

Makina ali bwino, koma chithunzi chikunama

Zonse zili pamwambazi zikakonzedwa, heatmap ikhozabe kusocheretsa. Choyamba ndi kulankhula. Munthu amene akufotokoza maganizo ake uku akugwiritsa ntchito app amayang'ana nthawi yaitali pa chimene akufotokoza, amawerenga zimene akanadumpha, ndipo amatembenukira kwa wotsogolera. Mulekeni agwire ntchito ali chete, kenako mumuonetse vidiyo ya maso ake kuti afotokoze. Chitani ntchito ikangotha, asanaiwale, ndipo mafunso akhale otseguka, chifukwa munthu akaona kadontho kake amapeka chifukwa chomveka bwino ngakhale sakukumbukira.

Mawu a ntchito imene mwapereka amasinthanso kayendedwe ka maso. Alfred Yarbus, wofufuza za kayendedwe ka maso, anaonetsa zimenezi kale, m'kafukufuku amene anatuluka m'Chingerezi mu 1967: chithunzi chimodzi chomwecho chinayang'anidwa mosiyana kwambiri malinga ndi funso limene munthu anapatsidwa. Mukanena kuti "pezani Zokonda" pamene batani lalembedwa Zokonda, mukuyesa luso lofananiza zilembo. Fotokozani cholinga m'mawu amene sali pa sikirini, ndipo musaphatikize ntchito ziwiri mu heatmap imodzi.

Malo ofiira sakutanthauza kuti anthu akonda. Angakhale mawu osamveka amene awerengedwa katatu. Malo opanda mtundu sakutanthauza kuti sanaone: diso limaona bwino madigiri 1 kapena 2 okha apakati, koma pa sikirini yaing'ono zambiri zimazindikirika ndi m'mphepete mwa diso, ndipo wozolowera app amadina batani lobwerera osaliyang'ana n'komwe. Munthu mmodzi amene anasochera masekondi 40 pamalo amodzi akhoza kufiiritsa heatmap ya gulu lonse, choncho onani kuti ndi anthu angati anayang'anapo, osati masekondi okha. Kampani ya Nielsen Norman Group, yofufuza mmene anthu amagwiritsira ntchito mawebusayiti ndi ma app, imalangiza kuitana anthu 39 kuti mutsale ndi 30 a deta yabwino ngati cholinga ndi heatmap. Ndi anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, onerani vidiyo ya aliyense payekha, ndipo heatmap musaipange n'komwe, chifukwa ikalowa mu lipoti anthu amaikhulupirira kuposa mawu onse ozungulira.

Kutaya kapena kusunga

Lembani malire musanaone zotsatira, kuti musamasunge deta imene ikugwirizana ndi maganizo anu n'kutaya yotsutsa. Lamulo lothandiza ndi ili: kuphonya kukaposa theka la bokosi laling'ono kwambiri limene mukuwerengera, kapena deta ikasowa kuposa gawo limodzi mwa magawo anayi pa tsamba limenelo, ntchitoyo isalowe m'ziwerengero. Tayani ntchito imodziyo, osati munthu yense. Ngati timadontho 9 tinali bwino ntchito yachitatu isanayambe n'kudzaphonya itatha, yoyamba ndi yachiwiri n'zabwinobwino, yachitatu ndiyo yokayikitsa. Kuphonya kukakhala kofanana poyamba ndi pomaliza, mukhoza kusuntha timadontho tonse ndi muyezo womwewo, bola mulembe kuti mwatero. Vidiyo ya sikirini ndi zimene munthuyo ananena zikhalebe, chifukwa pamene anadina molakwika ndi pamene anakakamira zimaonekabe popanda kadontho. Mu lipoti, pansi pa chithunzi chilichonse, lembani chiwerengero cha anthu amene alowamo, amene achotsedwa, ndi kuphonya kumene munayeza m'mamilimita.